Mmene mungaonere mathero a Babes on Broadway osadzidzimuka

Ngati mwaganiza zoonera Babes on Broadway, filimu ya kampani ya mafilimu ya MGM ya 1941 ija ya Mickey Rooney ndi Judy Garland, ndikuuzeniretu kuti kumathero kwake kumafuna kukonzekera, makamaka ngati mukuonera ndi ana.

Choyamba gwirani nkhani yake. Rooney akusewera ngati Tommy Williams, mnyamata woimba ndi kuvina amene akusakasaka mwayi ku Broadway, dera lotchuka la nyumba za zisudzo mu New York, ndiye akumana ndi Penny Morris, Garland ameneyo, mpaka agwirizana zokonza shoo yopezera ndalama zoti ana ovutika akapumeko kunja kwa tauni, koma Tommy mumtima mwake akungofuna atchukirepo yekha. Kumbukiraninso kuti inatuluka kumapeto kwa Disembala 1941, patangotha milungu itatu dziko la Japan litaphulitsa Pearl Harbor, doko la asilikali apamadzi a America, ndipo poti ku Ulaya nkhondo inali itayamba kale, mufilimumu muli ana a ku Britain othawa mabomba ndi nyimbo yowalimbitsa mtima. Pamenepo mutha kukhetsa msozi ndithu.

Tsono akangofika pa shoo yomaliza, maloto awo a Broadway atatheka, dinani pozi. Musadikire kuti ikudzidzimutseni. Chomwe chikubwera ndi minstrel show, azungu okhaokha atadzipaka zakuda kumaso, milomo ataikuza, zovala zowala, akuvina ndi kumwetulira mokokomeza ngati ndi mmene anthu akuda alili. Rooney ndi Garland omwe mwakhala mukuwakonda filimu yonse alinso momwemo, ndipo pamenepa mpamene pamawawa kwambiri, ine ulendo woyamba ndinangoti kukamwa yasa.

Filimu ili chiimire choncho fotokozerani amene mukuonera nawo kuti izi sizinayambire pano. Masewero amenewa anatchuka ku America cha m'ma 1830, ankaotcha chotsekera botolo cha cork nkumadzipaka mwaye wake, ndipo Thomas D. Rice anatchuka ndi kusewera munthu wotchedwa Jim Crow, dzina lomwelo linadzakhala la malamulo osankhana mitundu aja. Mu 1941 momo asilikali akuda a America ankakhala m'magulu awoawo. Kwa mwana musachulutse mawu, ingomuuzani kuti awa akuseka anthu akuda ndipo zinali zolakwika ngakhale nthawi imeneyo, anthu akuda ankazidandaula kale.

Kenako pitirizani, onerani mpaka pothera. Ena amangodumpha gawoli, sindiwaweruza, ngati ana ndi aang'ono kwambiri dumphani basi. Koma kwa akuluakulu ine ndimati onerani, chifukwa mukadumpha mutsala ndi filimu yokoma yopanda banga yomwe MGM sinapange. Yang'anitsitsani mmene Busby Berkeley amene anaitsogolera akuyendetsera kamera, mizere ya ovina ili ndondondo, luso lilipo lochuluka zedi ndipo lonselo analithira pa chinthu chonyoza. Mvetseraninso mawu a Garland akuimba F.D.R. Jones, amphamvu kwambiri, nyimbo yokamba za mwana wa banja lachikuda amene anamutcha dzina la Roosevelt, Pulezidenti wa America wa nthawiyo, koma woimbayo ndi mzungu wodzipaka mwaye.

Ikatha musathamangire kuzimitsa nkubalalika. Funsanani kuti ndani anali pa siteji paja ndipo ndani sanapatsidwe mpata, poti filimu yonse yakhala ikulira za achinyamata aluso osowa mwayi.