Mmene Mkatolika Angayankhire Akafunsidwa za Chikhulupiriro Chake

Mafunso okhudza chikhulupiriro cha Katolika sabwera pa nthawi imene munthu wakonzekera. Amabwera kuntchito, paulendo, kapena pakhomo pamene m'bale amene anapita ku mpingo wina wabwera kudzacheza. Kalata yoyamba ya Petro, mutu 3 ndime 15 ndi 16, imatilangiza kuti tikhale okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, koma imawonjezera kuti tiyankhe mofatsa ndi mwaulemu, ndipo gawo lachiwirili ndi limene ambiri timaliiwala mkangano ukayamba kutentha.

Musanayankhe, yambani mwamvetsa chimene chachititsa munthuyo kufunsa. Funso loti "bwanji mumapembedza Maria?" lingachokere kwa munthu wofunadi kudziwa, lingachokerenso kwa wina amene akungofuna kukugonjetsani pamaso pa anzake. Mufunseni kuti iye anamva zotani, kapena anaona chiyani chimene chinamukayikitsa. Kawirikawiri mudzapeza kuti chimene akutsutsa si chimene Mpingo umaphunzitsa, ndipo ntchito yanu ikhala yongokonza zimene anamva molakwika.

Nkhani ya ziboliboli ndi zithunzi za oyera imafuna kuleza mtima, chifukwa wofunsayo amakhala ndi mfundo yolimba: Eksodo 20 amaletsa kupanga mafano ndi kuwagwadira. Musayese kuzemba lamulo limeneli, pakuti nalonso ndi lathu. Muwonetseni kuti m'buku lomwelo, mutu 25, Mulungu analamula Mose kupanga akerubi awiri agolide pa bokosi la chipangano, ndipo mu Numeri 21 anamulamula kupanga njoka yamkuwa. Chimene chikuletsedwa ndi kupatsa chinthu chopangidwa ulemu woyenera Mulungu yekha, n'chifukwa chake mfumu Hezekiya anaphwanya njoka ija pamene anthu anayamba kuifukizira lubani, monga timawerengera mu 2 Mafumu 18. Msonkhano wachiwiri wa maepiskopi ku Nicaea m'chaka cha 787 unafotokoza kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa amene chithunzicho chikuimira. Ambiri amakonda kuyerekeza ndi chithunzi cha kholo chimene munthu amasunga m'nyumba. Fanizoli limathandiza, koma musalidalire kwambiri, chifukwa wofunsa wochenjera adzakuuzani kuti palibe amene amagwada pamaso pa chithunzi cha amayi ake. N'kwabwino kuvomereza kuti Mkatolika amene amagwiritsa ntchito korona kapena mendulo ngati chithumwa walakwira chiphunzitso cha Mpingo wake.

Za Maria, yambirani kwa Khristu. Msonkhano wa ku Ephesus m'chaka cha 431 unateteza dzina loti Amayi a Mulungu pofuna kutsimikiza kuti amene Maria anabereka ndi mmodzi yemweyo, Mulungu weniweni ndi munthu weniweni. Kupempha Maria ndi oyera kuti atipempherere kumachokera pa chikhulupiriro choti amene anafa mwa Khristu ali moyo ndipo akadali mamembala a thupi lake, ndipo nsembe ya Misa siperekedwa kwa wina aliyense koma kwa Mulungu.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti, "zimenezi zili pati m'Baibulo?" Apa pali msampha woponyerana mavesi mpaka dzuwa kulowa popanda wina kusuntha. Nenani poyera kuti Mpingo wa Katolika umalandira Malembo Oyera pamodzi ndi chiphunzitso chimene atumwi anasiya mwa mawu apakamwa, monga Paulo akunenera mu 2 Atesalonika 2 ndime 15, ndipo musanamizire kuti chiphunzitso chilichonse chili ndi vesi lake lachindunji. Kutengedwa kwa Maria kupita kumwamba, kumene Papa Pius XII analengeza mu 1950, sikunalembedwe monga nkhani m'buku lililonse la m'Baibulo, ndipo kukakamiza vesi kuti linene zimene silikunena kumangochititsa womvera kusiya kukukhulupirirani. Dziwaninso kuti Baibulo la Katolika lili ndi mabuku 73, 46 a Chipangano Chakale ndi 27 a Chatsopano, pamene la mipingo yambiri ya Chiprotestanti lili ndi 66. Choncho mukatchula 2 Amakabeo 12 pofotokoza za kupempherera akufa, mnzanuyo angakane buku lenilenilo. Pamenepo nkhani yoyenera kukambirana ndi yakuti mndandanda wa mabuku unakhazikika bwanji, ndipo mungatchule misonkhano ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397, komanso wa ku Trent umene unatsimikiza mndandandawo mu 1546.

Ngati simukudziwa yankho, nenani kuti mukafufuza, ndipo mukafufuzedi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka mu 1992 pa nthawi ya Papa John Paul II, ali ndi ndime zolembedwa manambala zokwana 2865, kotero n'kosavuta kupeza mfundo ndi kuiwerenga limodzi ndi wofunsayo. Wansembe kapena katekisiti angakuthandizeninso. Phunzirani kusiyanitsa chiphunzitso chosasinthika ndi lamulo la kayendetsedwe ka Mpingo. Kusakwatira kwa ansembe, mwachitsanzo, ndi lamulo la Mpingo wa mwambo wa Chilatini, umene Akatolika ambiri amatsatira, ndipo m'mipingo ya Katolika ya Kum'mawa amuna okwatira amadzozedwa unsembe.

Pamene wina atchula machimo a atsogoleri a Mpingo, makamaka nkhanza zochitira ana, musateteze choipa ndipo musathamangire kunena kuti m'mipingo ina zimachitikanso. Papa John Paul II yemweyo, pa 12 March 2000, anapempha chikhululukiro cha Mulungu poyera chifukwa cha machimo a ana a Mpingo m'mbiri yake, choncho Mkatolika wamba alibe chifukwa chokanira zimene zinachitikadi. Ngati wolankhulayo ndi amene anachitiridwa nkhanzazo, imeneyo si nthawi ya mfundo za chiphunzitso. Mumvetsereni, ndipo muthandizeni kukadandaula kwa akuluakulu a boma ndi a Mpingo.

Pa kugawana chikhulupiriro ndi ena, Msonkhano wachiwiri wa Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe pa nkhani za chipembedzo, ndiponso kuti Akhristu obatizidwa a mipingo ina ndi abale athu mwa Ambuye. Izi zikutanthauza kuti bwana sayenera kugwiritsa ntchito udindo wake kukopa antchito ake, ndipo thandizo kwa wosauka lisakhale nyambo. Kwa m'bale amene anachoka mu Mpingo, kubwereza nkhani yomweyo nthawi iliyonse mukakumana kumangomuumitsa mtima. Muuzeni kamodzi momveka kuti khomo n'lotsegula, kenaka pitirizani kukhala m'bale wake ndi kumupempherera.

Mukaitana mnzanu wa mpingo wina ku Misa, kaya ya ukwati kapena ya maliro, mufotokozereni nkhani ya Ukaristia musanalowe m'tchalitchi, osati anthu atayamba kale kupita kutsogolo kukalandira. Muuzeni kuti ife timakhulupirira kuti ndi Thupi ndi Magazi enieni a Khristu, kuti kulandira ndi chizindikiro cha umodzi wathunthu m'chikhulupiriro, ndiponso kuti ngakhale Mkatolika amene ali ndi tchimo lalikulu salandira asanapite kukalapa. Akamva kuti lamulo loti ena asalandire limagwiranso eni akefe, savutika kukhala pampando ndi kupemphera nafe mpaka Misa itatha.