Mmene Mungasankhire ndi Kuika Mafonti pa Kompyuta ya Kunyumba

Fonti ndi fayilo imene imauza kompyuta mmene chilembo chilichonse chiyenera kuonekera pa sikirini ndi papepala. Musanaike yatsopano, yambani mwaona maonekedwe ake. Mafonti ena ali ndi timichira kumapeto kwa zilembo, ndipo amatchedwa serif. Chitsanzo ndi Times New Roman, yomwe inapangidwira nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1932, ndipo oterewa amayenera makalata a ntchito ndi zolemba zazitali. Ena, monga Arial ndi Calibri, alibe timichira ndipo amawerengeka bwino pa sikirini. Courier New ndi yosiyana chifukwa zilembo zake zonse zimatenga malo ofanana ngati za pa taipilaita.

Kenako yang'anani kumapeto kwa dzina la fayilo. Likathera ndi .ttf, ndiye kuti ndi TrueType, imene kampani ya Apple inatulutsa mu 1991. Likathera ndi .otf, ndi OpenType, imene Microsoft ndi Adobe analengeza mu 1996. Akatswiri osindikiza mabuku amakonda OpenType chifukwa cha luso lake posanja zilembo, koma munthu wongolemba kalata sangaone kusiyana kwenikweni, popeza zonse ziwiri zimagwira ntchito pa Windows ndi pa Mac. Mafayilo akale a Type 1 asiyeni, chifukwa Adobe inaleka kuwagwiritsa ntchito m'mapulogalamu ake mu Januwale 2023, ndipo a .woff amagwiritsidwa ntchito pa masamba a pa intaneti.

Kuika kwake n'kosavuta. Ngati fayilo yabwera mu ZIP (yopanikizidwa, dzina lake lothera ndi .zip), imasuleni kaye, kenako pa Windows dinani batani la kumanja la mausi pa fayiloyo n'kusankha Install. Pa Mac dinani kawiri, ndipo Font Book, pulogalamu yoikira mafonti, idzatseguka.

Chimene ambiri amaiwala ndi chilembo chathu cha ŵ, cha m'dzina la Malaŵi. Mafonti ambiri okongoletsedwa alibe chilembochi, moti m'malo mwake mumaoneka kabokosi, kapena chimatuluka ndi maonekedwe a fonti ina pakati pa mawu. Kuti muyese, sankhani fontiyo mu Word ya pa Windows, lembani 0175, kenako dinani Alt ndi X pamodzi. Chilembo cha ŵ chikatuluka chofanana ndi zinzake, fontiyo ndi yoyenera Chichewa.

Mukamapita kukasindikiza kwina, sungani chikalata chanu ngati PDF, chifukwa kompyuta yopanda fonti yanuyo imaikapo ina, ndipo mizere ndi masamba zimasokonekera.