Momwe mungalowere m'maiko a pa intaneti n'kupezamo anzanu ocheza nawo

Muno mu Lilongwe ambiri tikamva za Roblox kapena Minecraft timangoti ndi magemu a ana. Komatu anthu amene amakhalitsa m'malo amenewa, ambiri samabwererako chifukwa chofuna kupambana. Amabwererako chifukwa kuli anthu amene amawadikira. Taganizirani mnyamata wochokera kumudzi amene wapeza ntchito ku Kanengo, akaweruka amangodzitsekera m'chipinda cha lendi ku Area 25. Kapena mayi amene sangachoke pakhomo chifukwa akudwazika matenda. Anthu otere amafuna pocheza, ndipo malo ngati Second Life, amene kampani ya Linden Lab inatsegula mu 2003, alibe n'zigoli zomwe. Anthu amamanga nyumba, amavina, amaphunzira zinenero, ena amapanga zovala n'kumagulitsa ndi ndalama ya komweko yotchedwa Linden dollar.

Choyamba, sankhani malo molingana ndi chida chimene muli nacho. Ngati muli ndi foni ya Android yokha, yambani ndi Roblox, imene inatuluka mu 2006 ndipo kulowa n'kwaulele. Minecraft, ya kampani ya Mojang ya ku Sweden, imagwiranso pa foni koma ndi yogula. Second Life ndi VRChat, malo enanso ochezeramo, zimayenda bwino pa kompyuta yamphamvu. Musanamizidwe kuti VRChat imafuna magalasi odula aja ovala kumaso. Kiyibodi ndi mausi n'zokwanira.

Chachiwiri ndi bandulo. Pulogalamu yeniyeniyo itsitseni pa Wi-Fi, kapena usiku ngati netiweki yanu ili ndi bandulo yotchipa ya nthawi imeneyo. Mu Second Life ndi VRChat pafupifupi chilichonse chimene mukuona chinapangidwa ndi anthu anzanu, ndipo chimatsitsidwa nthawi imene mwafika pamalopo. N'chifukwa chake malo odzaza anthu amatha data mwachangu. Tchajani foni mokwanira, magetsi angathime nkhani ili pakati.

Chachitatu, tsegulani akaunti. Dzina likhale longopeka, koma chaka chobadwa lembani chenicheni, chifukwa ndi chimene chimatsekera ana malo a akuluakulu. Ikani pasiwedi imene simuigwiritsa ntchito pa Facebook. Kenako pangani avatar yanu, chithunzi choyenda chimene chidzakuimirani. Musathamangire kugula zovala, zaulele zilipo zambiri. Ine ndimalimbikitsa kuvala zakuda, zofiira ndi zobiriwira ngati mbendera yathu, chifukwa wina amafunsa ndithu, macheza n'kuyambira pomwepo.

Chachinayi ndi kuchezako, pamene ambiri amagwa ulesi n'kusiya. Kulowa m'malo amenewa kuli ngati kufika pabwalo la bawo pamene simukudziwapo munthu: mumapereka moni, mumaimirira pambali, mumaonera, ndipo tsiku lina wina amakupatsani mpando. Mu Second Life, zimene mwalemba zimawerengedwa ndi anthu amene ali mkati mwa mamita 20 kuchokera pamene mwaima. Mukanong'ona zimafika mamita 10, mukafuula mamita 100. Choncho sunthirani pafupi ndi gulu, koma musaime pakati pawo kapena kuwagunda. Mu VRChat mawu a munthu amachepa mukamatalikira, ndipo mudzapeza anthu atakhala kutsogolo kwa kalilole wamkulu akucheza. Khalani nawo, mvetserani kaye. Ena kumeneko sayankhula n'komwe, amangogwedeza mutu ndi kulemba ndi cholembera m'malere, koma ali ndi anzawo ambiri. Mu Minecraft ulemu umaoneka m'zochita: musagumule zimene wina wamanga, musatenge katundu m'bokosi la mwini. Mukaona wina akumanga mlatho, mufunseni ngati akufuna miyala.

Safunsa anadya phula. Nenani poyera kuti ndinu watsopano, funsani malamulo a pamalopo. Chingerezi chisakuopseni, pakuti ambiri amene mudzakumane nawo, a ku Brazil, Germany kapena Philippines, nawonso anachita kuphunzira. Adzakufunsani kuti Malawi ili kuti. Auzeni za nyanja, za chambo, za makabaza a mu Old Town. Nkhani zimenezi kwa iwo n'zachilendo, ndipo ndi zimene adzakukumbukireni nazo.

Chachisanu, sungani nthawi. Ubwenzi wa kumeneko umakula mukamabwerera pamalo omwewo, tsiku lomwelo, ola lomwelo. Nthawi yathu ndi yofanana ndi ya ku Johannesburg, pamene London imatsalira ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Zochitika za mu Second Life zimalengezedwa pa nthawi ya ku California, imene ili kumbuyo kwathu ndi maola 9 kapena 10. Akati kuvina kuyamba 12 koloko masana, kuno ndi 9 kapena 10 koloko usiku. Magulu ambiri alinso ndi pokumanira pa pulogalamu yochezerana yotchedwa Discord, pamene mungalembe uthenga osawononga data yambiri tsiku limene bandulo yachepa.

Pomaliza, dzitetezeni, ndipo apa ndikupempha musapeputse. Musapereke nambala ya foni, dera limene mukukhala, kapena PIN ya Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene mumangomudziwa ndi avatar, ngakhale mwacheza naye miyezi. Aliyense wolonjeza Robux (ndalama za mu Roblox) zaulele mukadina linki yake akufuna kukuberani akaunti. Wina akayamba kutukwana kapena kupempha zithunzi zamaliseche, malo onsewa ali ndi batani lomutsekera ndi lomunenezera. Ligwiritseni ntchito osayamba mwakangana naye. Ngati wokuvutitsaniyo ali konkuno, jambulani mauthenga ake n'kupita nawo kupolisi, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti.

Makolo, Roblox ili ndi poti mulumikize akaunti yanu ndi ya mwana kuti muziona anzake ndi kuchepetsa maola osewera. Mwana azisewerera pabalaza osati kuchipinda, ndipo muzimufunsa mayina a amene amacheza nawo ndi zimene amakambirana.