Mukapita ku Kosi Bay, Yambani Mwafunsa za Madzi

Chaka chilichonse December akamayandikira, magulu a chipereganyu kuno ku Johannesburg amayamba kukambirana zokapuma kugombe. Ambiri amathamangira ku Durban. Ine ndimalangiza mabanja kuti ayeseko malo ogona alendo akumudzi, kumpoto kwa KwaZulu-Natal, makamaka ku Kosi Bay kufupi ndi malire a Mozambique. Mukachoka ku Joni m'mamawa pa msewu wa N17 kudzera ku Ermelo, n'kulowa N2 mpaka ku Pongola, mudzafika m'tauni ya Manguzi dzuwa lisanalowe. Mafuta, ndalama ndi ndiwo mugule kapena mutape pomwepo, chifukwa kupitirira apo ndi mchenga wokhawokha, ndipo njira zina zimafuna galimoto ya 4x4. Malo ambiri ogona alendo amakunyamulani okha mukawauziratu.

Ife a Malawi tili ndi vuto limodzi: timaganiza kuti madzi timawadziwa. Wokulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amati ndasambira kuyambira ndili mwana. N'zoona, koma nyanja yathu sidzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku. Nyanja yamchere imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pafupifupi maola 6 kudzaza, maola 6 kuphwa, ndipo nthawi yake imachedwerako mphindi pafupifupi 50 tsiku lotsatira. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amakwera kwambiri ndi kutsika kwambiri. Choncho mukangofika, musanafunse za chakudya, funsani eni malowo kuti madzi aphwa nthawi yanji mawa. Pulogalamu yanu yonse muimange pa yankho limenelo.

Choyamba kuona ndi mabiyo a asodzi a mtundu wa Thonga. Amene anaonapo biyo ndi miono m'mitsinje ya kwathu adzazindikira nzeru yake msanga. Amazika mitengo m'madzi osaya kukhala mpanda wokhotakhota, nsomba zimatsata mpandawo mpaka kulowa m'khola momwe sizingatulukenso, ndipo mwini wake amabwera ndi mkondo kudzasankha zazikulu. Zing'onozing'ono zimapulumukira m'mipata ya mpanda. Luso limeneli lakhalapo zaka mazanamazana, ndipo biyo ndi chuma cha banja, bambo amasiyira mwana wake. Musalowemo nokha ngati kuti n'choseweretsa. Pemphani kudzera mwa wokuperekezani wa m'deralo, mulipire zomwe mwagwirizana, ndipo nsombayo mugule kwa mwini wake. Ndimaona kuti ana obadwira ku Hillbrow kapena ku Diepsloot, amene nsomba amangoidziwa ya mu furiji, amaphunzira zambiri pa ola limodzi limeneli.

Pa Kosi pali nyanja zinayi zolumikizana ndi timitsinje, yaikulu ndi Nhlange, yomalizira ndi Amanzimnyama yomwe madzi ake ndi akuda. Zonsezi zili m'nkhalango yotetezedwa ya iSimangaliso, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1999. Kwerani boti kapena bwato ndi munthu wodziwa njira. M'mbali mwa madzi mudzaona mitengo ya chiwale yaitali zedi. Muli mvuu ndi ng'ona, ndiye zomwe munaphunzira ku Shire zikugwira ntchito kunonso: osasamba paliponse, osayenda m'mbali mwa madzi usiku.

Kukamwa kwa mtsinje, komwe madzi a nyanjazi amakumana ndi nyanja yamchere, ndi komwe anthu amavala magalasi osambirira n'kumaonera nsomba zamawangamawanga ngati mbuna za ku Cape Maclear. Pitani nthawi yomwe wokuperekezani wanena. Madzi akamaphwa mwamphamvu amakokera kunyanja, ndipo mwana sangalimbane nawo. Pamiyala musaponde opanda nsapato, pali nsomba zaminga zaululu.

Pagombe lenileni pamakhala msampha wina wobisika. Madzi obwera ndi mafunde amabwerera kunyanja kudzera mu mpata umodzi, ndipo mpatawo umaoneka wabata kuposa pena ponse, n'chifukwa chake umanyenga alendo. Ukakukokani musalimbane nawo kuti mubwerere molunjika kumtunda, mudzatopa. Yandamani, kwezani mkono kuti akuoneni, kenako sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatulukamo. Magombe akumudzi ambiri alibe opulumutsa anthu. Sungani mu foni nambala ya 112 yoitanira thandizo pangozi, ndipo wamwa mowa asalowe m'madzi ngakhale ofika m'mawondo.

Ngati mwapita pakati pa November ndi January, musaphonye akamba am'nyanja ku Bhanga Nek. Akazi amatuluka usiku kudzakumba dzenje mumchenga ndi kuikira mazira, ndipo ana amaswa kuyambira January mpaka March. Ntchito yowawerenga ndi kuwateteza pagombe limeneli inayamba mu 1963. Mumapita wapansi ndi operekeza ovomerezeka a m'mudzimo. Tochi yowala ndi kuthwanima kwa kamera zimabweza kamba m'madzi asanaikire, choncho mverani akakuuzani kuti zimitsani.

Tsiku lomwe nyanja yawinduka, pitani ku Tembe Elephant Park mukaone njovu za minyanga ikuluikulu, kapena yendani m'mudzi mugule madengu oluka ndi mlaza. Uchema wa kumeneko amaugoma ku mtengo womwewo.

Ziwiri zomaliza za mapepala ndi thanzi. Kuwedza ndi mbedza m'nyanja yamchere kumafuna chilolezo, mukatenge musananyamuke. Ndipo kumpoto kumeneku kumapezeka malungo nthawi ya dzinja. Amene wakhala zaka zambiri ku Joni thupi lake linaiwala udzudzu, ndipo ana obadwira kuno sanaudziwepo n'komwe. Nyamulani masikito ndi mankhwala odzola, ndipo wina akatentha thupi mutabwerako, muuzeni dokotala komwe munali kuti amuyeze magazi tsiku lomwelo.