Kuyamwitsa komanso chakudya choyamba cha mwana pakati pa Achepang a ku Nepal

Achepang amakhala m'mapiri a Mahabharat ku Nepal, makamaka m'maboma a Chitwan, Makwanpur, Dhading ndi Gorkha, ndipo kalembera wa 2011 adapeza kuti alipo oposa 68,000. Minda yawo ili m'malo otsetsereka, ndipo m'mabanja ambiri chimanga ndi mawere zimatha chaka chisanathe. Nkhokwe zikauma, anthu amakumba zilazi zam'tchire zotchedwa githa ndi bhyakur. Mlangizi aliyense wofika m'midzi imeneyi ayambe wadziwa zimenezi, chifukwa kulangiza mayi chakudya chomwe sangachipeze n'kungomulemetsa mtima.

Mwana aikidwe kubere ola limodzi lisanathe chibadwire, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja usatayidwe, pakuti ndiwo umamuteteza ku matenda. Kwa miyezi 6 ayamwe bere lokha, osapatsidwa ngakhale madzi. Vuto lalikulu ndi ntchito: mayi akamapita kumunda kapena kunkhalango tsiku lonse, khanda limatsala ndi agogo ake, omwe likalira amalipatsa phala. Choncho malangizowa aperekedwe kwa apongozi ndi abambo omwe, kuti amuchepetsere mayiyo ntchito zakutali kapena alole kuti azipita ndi mwana.

Pamene pamafunika khama kwambiri ndi pa miyezi 6, mwana akayamba kudya. Phala lamadzimadzi limadzaza kamimba kake koma silimukulitsa. Phala labwino ndi lolimbirapo, losayenderera msanga pa supuni. Ku Nepal kuli ufa wodziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1970, wotchedwa sarbottam pitho, womwe ndi wofanana ndi Likuni Phala koma umapangidwa pakhomo: magawo awiri a soya kapena nyemba zina, gawo limodzi la chimanga ndi gawo limodzi la tirigu kapena mbewu ina monga mawere. Chilichonse chikazingidwe pachokha, kenako chiperedwe, ndipo ufawo usakanizidwe. M'phalamo muikidwe kamafuta pang'ono ndi masamba obiriwira osinja bwino. Ena mwa masamba otere ndi a sisnu, chitsamba choyabwa chomera chokha m'mapirimo, chomwe chikaphikidwa chimasiya kuyabwa. Dzira, kansomba ka mumtsinje kochotsa minga kapena nyama yosinja ziwonjezedwe zikapezeka.

Kuyambira miyezi 6 mpaka 8 mwana adye kawiri kapena katatu patsiku, ndipo kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, m'mbale yakeyake kuti mayi aone kuchuluka kwa zomwe wadya. Bere lisalekezedwe mpaka zaka 2 kapena kupitirira, ngakhale mwana akutsekula m'mimba.

Githa ndi wowawa ndipo amafuna kuwiritsidwa ndi phulusa n'kuvikidwa m'madzi oyenda asanadyedwe. Amathetsa njala ya akuluakulu, koma samanga thupi la mwana. N'chifukwa chake ndi bwino kupatula soya ndi nyemba za mwana pa nthawi yokolola. Bowa wosadziwika bwino ndiponso mowa wofulula pakhomo, wotchedwa jaand, zisafike pakamwa pa mwana.

Amayi odzipereka a zaumoyo m'midzi, omwe boma la Nepal lidayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1988, amapereka vitamini A kawiri pachaka, cha mu Epulo ndi Okutobala, kwa ana a miyezi 6 mpaka 59. Popeza midzi ya Achepang ili kutali ndi zipatala, makolo afunse amayiwa tsiku logawa ndi tsiku lopimitsa mwana pasikelo, ndipo mwana wotupa mapazi kapena wowonda kwambiri apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.