Kulumikiza GPS, foni ndi hedifoni ya m'helemeti

Achimwene a ku Nchalo, mwafunsa chifukwa chake mawu a GPS, kachipangizo kapadera kolozera njira, amaduka foni ikalumikizika ku hedifoni. Kawirikawiri vuto ndi loti foni ndi GPS zikulimbirana khomo limodzi lolowera mu hedifoni. Chitani chonchi, njinga yamoto ili chiimire pamthunzi.

Yambani ndi kufufuta zonse zomwe munalumikizapo kale pa Bluetooth, pa foni ndi pa GPS pomwe. Ambiri amalumpha apa, ndiye amavutika tsiku lonse.

Kenako zimitsani Bluetooth ya foni. Dinikizani batani la hedifoni mpaka kanyale kayambe kuphethira. Pa zambiri kamasinthana kofiira ndi kabuluu. Pa GPS sakani chida chatsopano, musankhe dzina la hedifoniyo. Ikapempha nambala, yesani 0000.

Zikagwirana, yatsani Bluetooth ya foni muilumikize ku GPS, osati ku hedifoni. Ngati GPS yanu ndi Garmin zumo XT, chitirani mu pulogalamu ya Garmin Drive. Tsopano woimba foni adutsa pa GPS n'kufika m'khutu, ndipo malangizo a njira sadukanso.

Yesani musananyamuke: wina akuimbireni, muyankhe helemeti ili kumutu. Ndikupemphani, musamakonze zimenezi mukuyenda, makamaka potsika zikweza za Chikwawa kulowera ku Thabwa, pomwe makona amafuna maso onse awiri.

M'mawa uliwonse yatsani hedifoni, kenako GPS, zipezana zokha. Foni isungeni m'thumba la jekete. Dzuwa lathu la Okutobala likaiwomba pa handulo imatentha n'kudzizimitsa, ndipo kulumikizana kumathera pomwepo.