Momwe mungazindikirire mipeni yam'thumba yopangidwa yowerengeka powerenga chidindo chake

Mukatsegula mpeni wopinda n'kuyang'ana patsinde pa chitsulo chodulira, pamene chimalowera m'chogwirira, mupeza kamalo kosanola komwe wopanga amadindapo dzina lake. Anthu osonkhanitsa mipeni amatcha chidindo chimenechi kuti tang stamp, ndipo ndi chimene chiyenera kukhala mboni yanu yoyamba musanatulutse ndalama. Bokosi likhoza kukhala la mpeni wina, kapepala ka umboni aliyense akhoza kukasindikiza, wogulitsa naye akhoza kungobwereza zimene anamva, koma chidindo chenicheni chinamenyedwa ku fakitale chitsulocho chisanaumitsidwe pamoto.

Yambani ndi kuchititsa kuti chidindocho chioneke. Donthezani kamafuta kochepa ka makina osokera patsindepo, dikirani kanthawi, kenako pukutani ndi kansalu kofewa, ndipo litsiro lokanirira m'zilembo mulichotse ndi kamtengo kotokosera m'mano. Musayerekeze kugwiritsa ntchito sandipepa kapena tupa, chifukwa pa mipeni ina chaka chimadziwika ndi timadontho ta pachidindo, ndipo kadontho kamodzi kakafufutika mwasokoneza chaka cha mpeniwo. Unikani tochi chopendekera kuti zilembo zikhale ndi mthunzi, jambulani ndi foni mbali zonse ziwiri za tsinde lililonse, n'kukulitsa chithunzicho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mawuwa ndi oona ndithu, pakuti timadontho tina timabisala pansi pa chitsulo chakumutu kwa chogwirira mpaka mutatsegula mpeniwo theka lokha.

Chachiwiri, werengani dzina, mzinda ndi dziko. Lamulo la msonkho la McKinley la mu 1890 linalamula kuti katundu wolowa ku America azilembedwa dziko lochokera, choncho mpeni wa ku Sheffield wolembedwanso England kawirikawiri ndi wa pambuyo pa chaka chimenecho. Wolembedwa W. Germany ndi wa nthawi imene dziko la Germany linali logawikana, pakati pa 1949 ndi 1990. Ngakhale Okapi, amene ambiri kuno kumwera kwa Africa tinakula tikumuona, amanena mbiri yake pachitsulo: anayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902, ndipo ntchitoyo inasamukira ku South Africa mu 1988, kotero wolembedwa Germany ndi wakale kuposa wolembedwa South Africa. Samalani ndi mayina amene anagulitsidwa. Ku America, fakitale ya Schrade ku Ellenville inatsekedwa mu 2004, ya Camillus mu 2007, koma mayinawo akupitirirabe pa mipeni yopangidwa kwina, ndipo osonkhanitsa saiika pamtengo umodzi ndi yakale ija.

Sitepe yachitatu, yomwe ndi mtima wa ntchito yonseyi, ndi kupeza chaka. Chitsanzo chabwino kuphunzirirapo ndi kampani ya W.R. Case & Sons ya ku Bradford, m'chigawo cha Pennsylvania, chifukwa zidindo zake zinalembedwa bwino mwatsatanetsatane. Mawu akuti Case Tested XX ndi a zaka za pakati pa 1920 ndi 1940, Case XX yekha ndi wa 1940 mpaka 1964, ndipo kuyambira 1965 mpaka 1969 anawonjezera U.S.A. pansi pake. Mu 1970 anayamba njira imene inasandutsa anthu ambiri kukhala osonkhanitsa: anaika timadontho 10 pansi pa U.S.A., n'kumachotsa kamodzi chaka chilichonse, kufikira kanatsala kamodzi mu 1979. Choncho mukawerenga timadontho 7 pansi pa U.S.A., mpeniwo ndi wa 1973. Mu 1980 anabwereranso pa timadontho 10, koma anatiika pakati pa dzina ndi U.S.A., ndipo chilembo S anachilemba mopindika ngati mphezi. Apa ndi pamene oyamba kumene amalakwira kwambiri, chifukwa amawerenga timadontho osayang'ana pomwe tili, n'kupatsa mpeni wa 1983 chaka cha 1973.

Kuyambira 1990 mpaka pakati pa 1993 kampaniyi inkadinda chaka chenichenicho m'manambala, kenako inabwerera ku timadontho. Mu 2000 inayamba ndi timadontho 5 ndi zilembo X zisanu, n'kumachotsa kadontho chaka chilichonse mpaka 2005, ndiyeno X imodzi chaka chilichonse mpaka 2009.

Makampani ena ali ndi njira zawo. Buck, amene anatulutsa mpeni wotchuka wa 110 mu 1964, wakhala akuika kachizindikiro ka chaka pafupi ndi nambala ya mpeni kuyambira 1986. Great Eastern Cutlery ya ku Titusville, yomwe inayamba mu 2006 ndipo imapanga mipeni pang'onopang'ono m'magulu ochepa, imadinda manambala 6, awiri oyamba kusonyeza kapangidwe, awiri omaliza kusonyeza chaka. Victorinox ya ku Ibach ku Switzerland nthawi zambiri siika chaka patsinde, kupatula pa mipeni yakale ya asilikali, ndipo pa mipeni yake ya Alox, ya chogwirira cha aluminiyamu, yotuluka kamodzi pachaka kuyambira 2015, chakacho chimalembedwa kuseri kwa chogwirira.

Mukapeza chaka, funsani ngati chidindo chikugwirizana ndi mpeni umene chakhalapo. Pa mipeni ya Case pali nambala ina imene imalongosola thupi lonse la mpeniwo. Titenge 6254. Nambala yoyamba, 6, ikunena chogwirira chokhala ndi timaenje tosema, chomwe kawirikawiri chimakhala cha fupa. Yachiwiri, 2, ikunena kuti zitsulo zodulira ndi ziwiri. 54 ndi kapangidwe kotchedwa Trapper. Ikanayamba ndi 5, chogwirira chikanakhala cha nyanga, ikanayamba ndi 8 chikanakhala cha chigoba chonyezimira cha nkhono za m'nyanja. Tsono mukaona 6254 pa mpeni wa zitsulo zitatu, kapena nambala yoyamba ndi 5 pa chogwirira cha pulasitiki yachikasu, dziwani kuti wina anaphatikiza ziwalo za mipeni yosiyana. Zilembo SS zikutanthauza chitsulo chosachita dzimbiri, pamene CV ndi chitsulo chimene chimada ndi nthawi.

Pokhapokha izi zitagwirizana m'pamene mungayang'ane nkhani ya kuwerengeka kwake. Mawu akuti Limited Edition pabokosi, otanthauza kuti mipeniyo inapangidwa yowerengeka, pa iwo okha, sindiwawerengera konse, chifukwa kampani ikhoza kupanga mipeni masauzande ambiri n'kuilemba choncho. Chofunika ndi nambala ya mpeniwo payekha, yomwe imazokotedwa pachitsulo chakumutu kwa chogwirira kapena kulembedwa pachodulira, ndipo iyenera kufanana ndi ya pakapepala ka umboni ndi pabokosi. Chaka cha chidindo chiyeneranso kugwirizana ndi mwambo umene mpeniwo ukukumbukira. Kusiyana kwa chaka chimodzi n'kotheka, popeza fakitale imatha kugwiritsa ntchito zitsulo zotsala za chaka chapita, koma mpeni wokumbukira chochitika cha mu 1976 sungakhale ndi S ya mphezi.

Achinyengo nawo amadziwa kuti maso a ogula ali patsinde. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amapala chidindo cha mpeni wotchipa n'kudindapo dzina lodula, ndipo zizindikiro zake zimaoneka kwa wodekha: tsinde limakhala lopyapyala kuposa sipuling'i yakumsana, chitsulo chimagwedera cham'mbali, zilembo sizikhala pamzere umodzi ndipo zina zimazama kuposa zinzake chifukwa chilichonse chinamenyedwa pachokha. Yendetsani chikhadabo pamwamba pa zilembozo. Mukamva timilomo totukuka m'mphepete mwake, kaikirani, pakuti ku fakitale tsinde limasalazidwa chidindo chitamenyedwa kale. Yang'ananinso timisomali tolumikizira; tikaoneka tatsopano pa chogwirira chokalamba, mpeniwo unaphwasulidwapo.

Posonkhanitsa, ndikulangizani kusankha njira imodzi yopapatiza, monga kapangidwe kamodzi m'zaka zonse khumi za timadontho, chifukwa maso amaphunzira msanga akamaona chinthu chomwecho mobwerezabwereza. Pogula pa intaneti, pemphani zithunzi zapafupi za tsinde lililonse, ndipo wogulitsa akakana, musiyeni. Lembani m'kope chidindo monga mmene chilili, nambala, chaka, mtengo ndi tsiku logulira.

Mpeni wowerengeka saunola, ndipo saupukuta kuti uwale, chifukwa mtengo wake uli pa kukhala mmene unachokera ku fakitale. Upakeni kamafuta kochepa, muusunge pouma, kunja kwa thumba lachikopa lomwe limasunga chinyezi, makamaka nyengo ya dzinja. Mipeni ya chogwirira cha seluloidi, pulasitiki yakale ija yamaangamaanga, muiike payokha ndi kumaiyendera kawirikawiri, pakuti ikayamba kuvunda imatulutsa mpweya umene umadya chitsulo chake ndi cha mipeni yonse imene ili nayo m'bokosi limodzi.